Kope la Mayunitsi: Phunziro pa Magetsi ndi Chuma cha Mzinda wa Lilongwe

Ndinakulira ku Kawale, pa puloti ya nyumba zisanu ndi imodzi za lendi. Nyumba zonsezo zinkakoka magetsi pa mita imodzi yolipiriratu yomwe inali pakhoma la alandilodi. Popeza pa puloti ponsepo mwana wa sekondale ndinali ine ndekha, akuluakulu anandisenzetsa udindo wosunga kope la mayunitsi. Mwezi ukatha ndinkayenda khomo ndi khomo kutolera zopereka, n'kulemba dzina ndi ndalama, kenaka n'kupita kukagula mayunitsi. Ntchitoyi inkaoneka yopepuka, koma ndi imene inayamba kundidanitsa ndi anthu.

Mkangano wake unali umodzimodzi mwezi ndi mwezi. Agogo a nyumba yakumapeto anali ndi mababu awiri ndi wailesi basi. Mayi a nyumba yachitatu anali ndi firiji yoziziritsira mafirizesi ogulitsa pasukulu. Bambo ena anali ndi simbi yamagetsi imene ankalumbira kuti saigwiritsa ntchito, chonsecho malaya awo sankaoneka khwinya. Onsewa ankasonkha mofanana. Mayunitsi akatha pa 20 mwezi, usiku, mita ikulira ngati mwanapiye wotayika, aliyense ankatuluka ndi tochi n'kulunjika kwa ine. "Iwe mwana, ndalama zija wapita nazo kuti?" Ndinkatsegula kope, koma kopelo linkangonena amene wapereka. Silinkanena amene wadya.

M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti khonsolo ya mzinda wa Lilongwe nayonso ili ndi kope longa langa lija, kungoti lake ndi lalikulu. Mfundo yanga ndi imodzi: pa nkhani ya magetsi a mzinda, kugula nyale ndi chinthu chaching'ono. Ntchito yeniyeni ndi kuisunga nyaleyo ikuyaka chaka ndi chaka, ndipo ntchito imeneyi imachitikira mu bajeti ndi m'kagulidwe ka katundu, kutali ndi maso a ife oyenda pansi.

Magetsi amene khonsolo sipanga

Anthu ambiri kwathu akaona nyale ya pamsewu yathima amangoti ndi a magetsi. Kunena zoona pali manja angapo pakati pa mtsinje ndi babu. Kuyambira mu 2017 ntchito yopanga magetsi inachotsedwa m'manja mwa ESCOM n'kuperekedwa ku kampani ya EGENCO. ESCOM inatsala ndi mawaya, mathiransifoma ndi kugulitsa magetsi kwa makasitomala. Mtengo wa yuniti savomereza ndi awiriwa ayi, koma bungwe la MERA lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2004. Khonsolo ilibe mpando pamenepa. Iyo ndi kasitomala ngati mmene analili alandilodi athu. Komabe nyale za m'misewu ya mumzinda, maloboti, magetsi a m'misika ndi a m'maofesi ake ndi udindo wake, ndipo bilu yake imagwera iyo.

Magetsi ambiri amene timagwiritsa ntchito ku Lilongwe amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Makina oyamba a ku Nkula anayamba ntchito mu 1966, Lilongwe asanakhale likulu la dziko mu 1975. Izi zikutanthauza kuti mvula ikavuta, nyanja ikatsika, kapena madzi akasefukira ku Chikwawa, mdima umafika ku Biwi. Tinaziona m'zaka za 2016 ndi 2017 pamene madzi anachepa mu Shire ndipo magetsi ankathima tsiku lathunthu. Mu 2018 dziko linabwereka majenereta a dizilo ku kampani ya Aggreko, ena mwa iwo n'kuikidwa ku Kanengo, pafupi ndi Area 25 ndi Mgona. Magetsi a dizilo ndi okwera mtengo kwambiri kuposa a madzi, motero njira yothawira mdima inabwera ndi bilu yakeyake. Tinazionanso mu January 2022 pamene namondwe wa Ana anaononga damu la ku Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, omwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ochokera ku madzi. Makinawo anadzabwerera pa ntchito mu 2023.

Pali ndithu magetsi a dzuwa amene anawonjezeka, monga mamegawati 60 a ku Salima mu 2021 ndi 20 a ku Golomoti mu 2022. Koma wophunzira azindikire kuti nyale ya pamsewu imafuna magetsi nthawi imene dzuwa lalowa, nthawi yomweyonso imene mabanja akuphika ndi kuonera wailesi yakanema. N'chifukwa chake nkhani ya dzuwa siyenda yokha popanda nkhani ya mabatire. Tibwereranso ku mabatirewa, pakuti anandichititsa manyazi.

Ndalama zolembedwa ndi ndalama zogwira m'manja

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu zotolera ndalama zawo. Khonsolo ya mzinda imadalira msonkho wa malo ndi nyumba, umene ambiri amautcha masitireti, komanso matikiti a m'misika, ziphaso za bizinesi ndi ndalama zochokera ku boma lalikulu. Mwa zonsezi msonkho wa nyumba ndiwo msana. Kuti nyumba ilipire msonkhowu iyenera kuyesedwa mtengo wake ndi kulembedwa m'kaundula, ndipo kaundulayo amayenera kukonzedwanso pakapita zaka zisanu zilizonse.

Apa ndi pamene pali mfundo yovuta. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe. Ambiri mwa anthuwa sakhala ku Area 10 kapena ku Area 43. Amakhala ku Kawale, Biwi, Area 23, Area 25, ndi m'madera amene anakula popanda mapulani monga Chinsapo ndi Mgona. M'madera opanda mapulaniwa nyumba zimamera msanga kuposa mmene kaundula angazilembere. Motero kumene kuli anthu ochuluka, kumene mdima umapweteka kwambiri, n'kumenenso msonkho wa nyumba umatoleredwa movutikira. Wina anganene kuti amene salipira asadandaule. Ine sindigwirizana nazo. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa ku Area 23 amadula tikiti tsiku lililonse limene wayala malonda, mvula kapena dzuwa, pamene mwini nyumba yosanja akhoza kukhala ndi ngongole ya msonkho ya zaka zingapo osagwidwa pakhosi ndi munthu. Mayiyo ali ngati agogo a mababu awiri aja.

Bajeti ya khonsolo ili ndi matumba awiri. Thumba loyamba ndi la chitukuko: msewu watsopano, shedi ya pamsika, mapolo a nyale. Thumba lachiwiri ndi la zolipira za tsiku ndi tsiku: malipiro a antchito, mafuta a magalimoto otola zinyalala, mabilu a magetsi ndi madzi, ndi kukonza zowonongeka. Thumba loyamba lili ndi abwenzi ambiri. Wandale amalikonda chifukwa pali riboni yodula, ndipo mabungwe othandiza amalikonda chifukwa pali chithunzi chojambula. Thumba lachiwiri ndi la masiye. Sindinaonepo munthu akuvina pa mwambo wolipira bilu. Chonsecho chilichonse chimene thumba loyamba lagula chimasanduka mwana wofuna kudyetsedwa ndi thumba lachiwiri. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Chinanso n'chakuti bajeti imalembedwa chaka chisanayambe, pamene mitengo siidikira. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March. Taganizani za mlembi wa zachuma amene anawerengera bilu ya magetsi kumayambiriro kwa 2023. Mu November chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, itagwanso kale ndi 25 peresenti mu May 2022. Mtengo wa magetsi umasinthidwa potsatira mphamvu ya kwacha ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndipo mababu, mawaya ndi mabatire zimagulidwa kunja ndi madola. Ndalama zimene zinalembedwa kuti zikwanira miyezi 12 zimathera panjira, monga mayunitsi athu ankathera pa 20. Komanso chiwerengero cholembedwa kuti chitoleredwa si ndalama. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Masamu a babu limodzi

Ophunzira anzanga a zilankhulo asathawe ndimeyi, masamu ake ndi a ku pulayimale. Yuniti imodzi ya magetsi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Tiyerekeze kuti pa polo pali babu lakale lofiirira lija la mawati 250, ndipo limayaka maola 12 usiku uliwonse. Babulo limadya mayunitsi 3 pa usiku, kutanthauza mayunitsi 1,095 pa chaka. Mzinda ukakhala ndi mababu otere 1,000 ndiye kuti mayunitsi 1,095,000 pa chaka. Tsopano tichotse babulo tiikepo la LED la mawati 100. Ili limadya mayunitsi 438 pa chaka, ndipo mababu 1,000 amadya 438,000. Kusiyana kwake ndi mayunitsi 657,000 chaka chilichonse. Manambalawa ndi ongoyerekeza, si a khonsolo iliyonse, koma aliyense akhoza kuwachulukitsa ndi mtengo wa yuniti wa lero n'kuona yekha.

Babu la LED ndi lodula pogula. Munthu woyang'ana thumba la chitukuko lokha angasankhe lakale lija n'kudzitama kuti wapulumutsa ndalama za anthu. Munthu wosunga thumba lachiwiri ndiye adzalira zaka zonse zotsatira. Vuto ndi lakuti kawirikawiri anthu awiriwa sakhala pa tebulo limodzi tsiku losankha.

Masamuwa amaululanso chinthu china. Nyale yoyaka masana chifukwa kachipangizo kozimitsira kanafa imadya kawiri. Waya wokokedwa mwachinyengo kuchoka pa polo kupita mu shopu ya munthu umalemba ngongole pa dzina la mzinda. Popanda mita pa msika uliwonse ndi pa mzere uliwonse wa nyale, wolipira amalandira bilu imodzi yaikulu osadziwa kuti mwini simbi ndani.

Mmene ndinagulira mdima

Chaka chimene ndinali Fomu 3 akuba anatikwana. Anatenga zovala pachingwe, mbaula ziwiri, ndi tebulo limene amayi ankagulitsirapo mandasi ndi chimanga chootcha pageti. Malonda a amayi ankayenda bwino madzulo, anthu akamatsika minibasi kuchokera ku tauni, ndipo ndalama ya madzulo imeneyo ndi imene inkandilipirira sukulu. Akuluakulu a pa puloti anagwirizana kuti pageti paikidwe nyale. Pofuna kupewa mkangano wa mayunitsi anati ikhale ya sola. Anasonkha, ndipo wosunga kope ndi amene anatumidwa.

Ndinalowa m'mashopu atatu ku tauni. Nyale zonse zinkaoneka zofanana, mabokosi ake olembedwa manambala akuluakulu. Ndinasankha yotchipa kwambiri, ndipo chenje ndinakabweza pamaso pa onse. Tsiku limenelo ndinayamikiridwa ngati mkamwini wobwera ndi nkhuku. Munali mu October, dzuwa likuswa mtengo, ndipo nyaleyo inkawala mpaka tambala woyamba. Amayi anawonjezera ufa wa mandasi.

Mvula itayamba zinthu zinasintha. Mu January, mitambo ikagona tsiku lonse, nyale inkayamba kuphethira cha m'ma 8 koloko n'kuthimiratu. Pofika March inali itafa. Bambo wina wokonza mawailesi anaitsegula n'kundionetsa batire lake, kakang'ono ngati chala, lomatiriridwa mkati moti silikanasinthika. "Mwagula chikwama chokongola, mphwanga, koma mulibe kanthu," anatero. Lisiti ndinalibe, pakuti sindinaipemphe. Amayi sanandikalipire. Anangobwerera ku kandulo wotchingira ndi botolo, n'kumaweruka msanga poopa achifwamba, ndipo teremu imeneyo fizi inalipidwa mochedwa, mwapang'onopang'ono. Kusakalipa kwawoko kunandiwawa kuposa mbama.

Cholakwa changa chinachitika ndisanalowe mu shopu. Sindinadziwe chimene ndikufuna. Ndikanalemba kuti tikufuna nyale yowala maola 12 ngakhale kutachita mitambo masiku awiri, ya batire losinthika lopezeka mu Lilongwe momwemuno, ndiponso ya chitsimikizo cholembedwa, yotchipa ija ikanagwa yokha pa mpikisano.

Malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma anaikidwa pofuna kutchinga dzenje lomweli. Lamulo loyamba lapaderadera linabwera mu 2003, ndipo la mu 2017 linakhazikitsa bungwe la PPDA loyang'anira kagulidwe m'maofesi onse a boma, makhonsolo omwe. Ofesi iliyonse imakhala ndi komiti yake ya zogulagula, kuti munthu mmodzi asamasankhe yekha monga ndinachitira ine. Katundu wamng'ono amagulidwa poyerekeza makoteshoni osachepera atatu. Katundu wa ndalama zambiri amalengezedwa poyera kuti aliyense woyenera apikisane nawo, ndipo izi ndi zimene timati tenda. Kugula kwa munthu mmodzi popanda mpikisano kumaloledwa pa zifukwa zochepa zokha, monga ngozi yadzidzidzi, ndipo chifukwacho chimayenera kulembedwa.

Ndiime pang'ono pa mawu akuti tenda, popeza ndife a zilankhulo. Mawuwa tinabwereka, koma tikawachulukitsa mwa Chichewa amatuluka "matenda". Wina akati mkulu uje walemera ndi matenda a boma, womvera amaseka asanafunse tanthauzo. Nthabwalayi imakhala ndi moyo chifukwa anthu amakayikira zimene zimachitika kuseri kwa zitseko. Ndikuonanso kuti kusowa kwa mawu athuathu pa nkhanizi kumathandiza kuti anthu wamba azizitalikira. Zikalata za tenda ndi za bajeti zimalembedwa m'Chingerezi cholimba, pamene wodula tikiti pamsika wa ku Chinsapo amaganiza ndi kuwerengera m'Chichewa.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti lamulo limalamula kugula chotchipa. Si choncho kwenikweni. Opikisana amayamba ayesedwa ngati akwaniritsa zimene wogula analemba, ndipo mtengo wotsika umasankhidwa pakati pa okhawo amene apambana mayeso oyambawo. Choncho mphamvu yonse ili m'chikalata chofotokoza katunduyo. Chikalembedwa mwaulesi, lamulo likhoza kutsatidwa ndime ndi ndime, makoteshoni atatu n'kukhalapo, masiginecha onse n'kukwana, mzinda n'kugulabe nyale yanga ija kuchulukitsa ndi 1,000. Chikalembedwa mwachinyengo, mokomera katundu amene ali ndi munthu mmodzi yekha, mpikisano umangokhala sewero.

Palinso msampha wa kulipira mochedwa. Wamalonda amene akudziwa kuti adzadikira miyezi yambiri asanalandire ndalama zake, kwacha ikugwa, amakweza mtengo pa tsiku lopikisana kuti adziteteze. Amalonda ang'onoang'ono oona mtima amangosiya kupikisana nawo. Motero msonkho ukapanda kutoleredwa bwino, ngakhale katundu amene mzinda ukugula amakwera mtengo.

Kodi ndiye kuti nyale za sola n'zoipa? Ayi ndithu. M'misewu ina ya mu Lilongwe zilipo ndipo zimawala ngakhale magetsi athime mzinda wonse. M'dera longa Mgona, kumene njira ndi zopapatiza ndipo kukoka mawaya n'kovuta, polo yodziimira payokha ndi yanzeru. Koma mawu akuti dzuwa ndi laulere ndi amene amagoneka anthu tulo. Bilu ya mwezi ndi mwezi imachoka, inde, koma m'malo mwake mumabwera bilu ina yaikulu ya mabatire pakapita zaka zingapo, ndipo mapolo oikidwa tsiku limodzi amafuna mabatire atsopano pa nthawi imodzi. Pamafunikanso wopukuta fumbi la mu September pa magalasi ake, ndi njira yotetezera mabatire kwa akuba. Zonsezi ndi za thumba lachiwiri lija.

Chitsanzo cha pa mpopi

Kuti tione kuti vutoli lili ndi mankhwala, tiyang'ane ku madzi, ngakhale madzi a mumzinda sali m'manja mwa khonsolo koma mwa Lilongwe Water Board. Madziwa amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, kudzera m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo amakankhidwa ndi mapampu a magetsi kupita m'mathanki. N'chifukwa chake magetsi akathima nthawi yaitali mipopi nayo imauma. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 makiyosiki ambiri a madzi m'madera osauka anali ndi ngongole zazikulu. Anthu ankalipira ndowa iliyonse, koma ndalamazo sizinkafika kwa mwini madzi, ndipo makiyosiki ena anatsekedwa. Cha m'ma 2006, mothandizana ndi bungwe la WaterAid, kunayambika mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi m'madera monga Chinsapo. Ogulitsa anayamba kulembedwa ntchito, mita ya kiyosiki iliyonse kuwerengedwa ndi kuyerekezedwa ndi ndalama zotoleredwa, ndipo ngongole zinayamba kubwezedwa. Chimene chinasintha kwambiri si mipopi, koma kasungidwe ka kope.

Amene ayenera kufunsa mafunso otere m'khonsolo ndi makhansala, pakuti iwo ndi amene amavomereza bajeti. Tisaiwale kuti makhansala osankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko lino linakhala popanda makhansala mpaka mu 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo zinazoloweretsa anthu kuona bajeti ya mzinda ngati nkhani ya m'maofesi. Koma kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma likugwira ntchito, ndipo nzika ikhoza kupempha kuona zikalata. Ine nditapatsidwa mpata pa msonkhano wa m'dera lathu sindingafunse kuti mutiikira liti nyale. Ndingafunse kuti mwa mapolo amene alipo kale ndi angati akuyaka, bilu ya chaka chatha inali ndalama zingati ndipo inalipidwa yonse kodi, nanga ndalama zosinthira mabatire zalembedwa pa mzere uti.

Pa puloti pathu nyale yachiwiri inagulidwa patatha chaka. Ulendo umenewo tinapita atatu, pamodzi ndi bambo wokonza mawailesi uja, ndipo anatsegula bokosi mu shopu momwemo asanalole kuti tilipire. Kope tsopano amasunga ndi mng'ono wanga. Kumapeto kwake anatsegula tsamba latsopano lolembedwa kuti "za batire", ndipo nyumba iliyonse imaponyapo kangachepe mwezi ndi mwezi. Agogo a nyumba yakumapeto anakana. Akuti iwo amagona 7 koloko, nyale ya pageti sinawaunikirepo ngakhale tsiku limodzi, ndiye alipirirenji? Nditapita pa tchuthi chapitachi ndinapeza nkhaniyo ikadali pa bwalo, ndipo pa dzina la agogo pali mzere wopanda nambala.